Shati Yosokedwa ku Limbe Mwiniwake Ali ku Kachulu

Amene munalipo pa ukwati wa mwana wanga Lusiya, chonde khalani chete, ndifotokoze ndekha. Nkhaniyi yayenda kale m'makamwa ambiri, ndipo paliponse pamene yagona imadzuka itanenepa. Tsiku lina pa doko la Kachulu, kuno ku nyanja ya Chilwa, ndinamva mayi wina wogula matemba akuuza mnzake kuti ine ndinatsala wamaliseche pamaso pa abusa. Bodza limenelo. Thalauza inalipo, nsapato zinalipo, ndipo abusa anali atapita kale.

Lusiya ndi mwana wathu woyamba. Amagwira ntchito m'sitolo ina ya mankhwala ku Limbe, ndipo n'komweko kumene anapezana ndi mnyamata wake, mwana wa anthu a m'tauni, aja amadya mpunga ndi foloko koma sanaingitsepo mbalame m'munda. Anagwirizana kuti ukwati uchitikire kuno kwathu kwa Mwambo, m'tchalitchi chimene Lusiya anabatizidwira. Kutatsala miyezi ingapo, mwana uja anandiimbira foni.

"Ababa, ndagula nsalu. Inuyo ndi apongozi anga aamuna muvala shati zofanana. Zoyera, za manja aatali, pa kolala ndi pa thumba pakhala kachitenje ka yunifomu."

"Zofanana bwanji, ngati ndife ana a kwaya?"

"Ababa, tandimverani. Tsiku limodzi lokhali ndikufuna anthu akakuonani mutaima awirinu, asadziwe kuti wa ku nyanja ndi uti, wa mu ofesi ndi uti."

Mawu amenewo anandikhala pamtima. Mwanayu sanandipemphepo chinthu chachikulu. Ku sekondale anapita ndi sutikesi yomanga ndi legeni, osadandaula. Apa amangopempha kuti bambo ake aoneke bwino tsiku limodzi, asamuchititse manyazi kwa eni ake atsopano. Ndinavomera ndi mtima wonse.

"Ndiye mubwere kuno telala adzakuyezeni," anatero.

Apa ndi pamene zinayambira kukhota. Mpunga unali utacha, ndipo munthu susiya mpunga wakucha n'kukwera minibasi ziwiri kukakweza mikono pamaso pa mlendo. Lusiya anati ngati zili choncho ndipite kwa telala wa pa Kachulu akandiyeze, manambalawo ndimutumizire pa foni. Izinso zinali zosatheka, kungoti mwana wa m'tauni sangamvetse. Telala wa pa Kachuluyo ndi mkulu wa mpingo mnzanga, timakhala benchi limodzi, ndipo zigamba zonse za pa thalauza zanga ndi za makina ake. Ndipite kwa iye ndikati, "Akulu, ndiyezeni, koma wosoka ndi wina"? Zili ngati kubwereka nkhafi kwa mwini bwato kuti ukapalasire bwato la mnzake. Lamulungu tikanayang'anana bwanji pa nthawi yopatsana moni wa mtendere?

Tsono ine ndili ndi nthenda imodzi, kuwerenga. Sukulu ndinalekeza panjira, koma pepala lolembedwa silindidutsa, ngakhale lokulungira zitumbuwa. Pa pepala lina lotero ndinawerengapo kale kuti shati yabwino imayezedwa khosi, mapewa, chifuwa, mimba ndi mkono, ndiponso kuti pakati pa kolala ndi khosi pazilowa zala ziwiri. (Mbali ya m'munsi ya nkhaniyo inali itadyedwa ndi mafuta. Mwina n'kumene kunali zofunika.) Ndinadziona kuti za usoki ndikuzidziwa mokwanira.

Tepi tinalibe, koma twaini yosokera ukonde m'nyumba ya munthu wa ku nyanja sisowa. Kodi makolo athu akafuna kugulira mwana nsapato ku Zomba sankangothyola kamtengo kofanana ndi phazi lake n'kutumiza? Ndinaitana amake Lusiya, mkazi wanga, kuti azizunguliza twaini pathupi panga n'kumadula.

"Pumani, abambo ake Lusiya."

"Ndikupuma."

"Nanga mimba mwaiika kuti? Dzulo inalipo."

"Yezani zimene mukuzionazo, mayi."

Kuti zingwe zisasokonekere, ya khosi tinaimangirira nthenga ya nkhuku, ya chifuwa kansanza kofiira, zinazo tinaziika mfundo zosiyanasiyana. Ndinazikulunga bwinobwino n'kuzipereka kwa alamu anga a Dayisoni, achimwene awo a amake Lusiya, amene amagula matemba pa Kachulu n'kukagulitsa ku Limbe. Ndinawafotokozera chingwe chilichonse ngati ndikuphunzitsa kalasi ya ubatizo. Iwo ankangogwedeza mutu, maso ali pa matumba awo.

Kuti mumvetse zotsatirazi, ndikuuzeni maonekedwe athu. A Dayisoni ndi aafupi, ojintcha, sudziwa pamene mutu wathera ndi pamene mapewa ayambira. Ine ndine wamtali, miyendo ndi mikono ngati kakowa, koma kakowa amene wameza chule.

Shati inabwera ndi a Dayisoni omwewo, ili m'jumbo. Kuyera kwake mpaka ndinayamba ndasamba m'manja. Nditaivala, manja ake analekeza pang'ono chabe kupitirira chigongono. Pa kolala, zala ziwiri zija musanene, inalowa nkhonya yonse. M'lifupi tikanakwanamo ine ndi amake Lusiya, mwinanso ndi mdzukulu, koma m'litali mchombo unkasuzumira panja kuona dziko.

Ndinayamba kunyoza atelala a m'tauni, kuti amangodziwa kuika magalasi pakhomo. Amake Lusiya ankayang'ana achimwene awo, amene mwadzidzidzi anali atachita chidwi kwambiri ndi mtengo wa mango wa pabwalo pathu.

"Achimwene," anatero, "tavalani shatiyi."

"Ine? Ya eni ake imeneyo, achemwali."

"Tavalani."

Inawakwana ngati anabadwa nayo.

"Alamu, mundimvetse," anayamba a Dayisoni akumanga batani lomaliza. "Thumba la matemba linaphulika pa depoti ya Zomba. Kondakitala akukuwa, matemba ali mbwee pansi, agalu ayamba kale kuitanana. Ndinapisa m'thumba la jekete, ndinapeza twaini. Mukanakhala inu mukanatani?"

"Zonse?"

"Ya nthenga ija inatsala, koma ndinaiona ngati ya mankhwala, ndinaitaya."

"Ndiye kwa telala munakanena chiyani?"

"Ndinati alamu angawo ndi munthu ngati ine ndemwe. Khosi limodzi, mikono iwiri. Telala akuti, basi imani apa."

"Ngati inu? Ine ndi inu?"

"Tonse tinalengedwa m'chifanizo chimodzi, alamu. Si inu nomwe mumatiwerengera zimenezo Lamulungu?"

Mlamu sumumenya, umangomuyang'ana. Shati sanaivulenso, anapita nayo kwawo ataivala.

Lusiya atamva sanakalipe, ndipo n'zimene zinandiwawa. Anangoti nsalu yatsala ya shati imodzi yokha, yoteroyo m'sitolo inatha. "Ababa, ulendo uno bwerani." Ndinati mpunga tikupuntha. Zinali zoona, koma chifukwa chenicheni n'chakuti kupita ku Limbe kukanakhala kuvomera kuti nzeru zanga za twaini zinali zoperewera, pamene cholakwa chinali cha thumba la matemba.

Telala wa ku Limbe uja ndiye anapereka nzeru ina kudzera mwa Lusiya: nditumize shati imene imandikwana bwino, iye atsanzire. Zosavuta. Koma nditayala shati zanga pa mphasa, ndinaona vuto. Zonse za pa kaunjika, makolala opyapyala, ina yolembedwa kumsana dzina la timu ya mpira ya dziko limene sindilidziwa. Mwana wanga anyamule chimenechi m'misewu ya Limbe, akachitambasule pa tebulo la telala anthu akuona? Ndinakoka sutikesi ya pansi pa bedi n'kutulutsa shati imene ndinavala pa ukwati wanga.

"Imeneyo?" anatero amake Lusiya. "Munaivala Lusiya asanabadwe."

"Nsalu zakale sizifupika."

"Sindikunena nsalu ine."

"Mayi, thupi langa ndimalidziwa."

"Tayesani kaye."

Ndinalowetsa mikono, ndinawapatsa msana, ndinati, "Mwaona?" n'kuvula msangamsanga. (Mabatani sindinamange. Ndinati ulusi wake ndi wakale, ungaduke.) Amake Lusiya anatola lichero lawo n'kutuluka akuimba nyimbo ya maliro chapansipansi.

A Dayisoni anaifikitsa bwino ulendo umenewo, poti achemwali awo anawauza kuti akaitaya asadzapondenso pakhomo pathu. Ine ndinalankhula ndi telala pa foni, ndi mawu a munthu wodziwa zinthu.

"Mutsanzire imeneyo ndendende, koma muonjezere zala ziwiri."

"Zala ziwiri pati, bambo?"

"Paliponse pamene mukuona kuti pakufunika."

(Zala ziwiri! Pa mpunga wonse umene ndadya kuchokera tsiku limene ndinakwatira.)

Shati yachiwiri inabwera ndi Lusiya mwiniwake, mawa lake kuli ukwati. Pakhomo panali piringupiringu, amayi akupeta mpunga, mbuzi ikulira kuseri. Mwana uja anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri. "Mukayese, ababa." Ndinalowa kuchipinda. Inali shati yokongola kwambiri imene ndinagwirapo m'moyo wanga, ndipo inasokedwera mnyamata wina wowonda amene ndinkamudziwa kalekale. Mapewa analowa mokakamiza. Mabatani ndi mabowo ake anangoyang'anana patali ngati Kachulu ndi chilumba cha Chisi.

"Yakwana, ababa?" anafunsa ali panja pa chitseko.

"Ngati khungu langa!" ndinayankha, ndipo sindinaname.

"Tatulukani tione."

"Udzaona mawa. Mkwatibwi saonera zonse tsiku limodzi."

M'mawa mwake tinalimbana nayo awiri, ine ndi amake Lusiya. Ankati nditulutse mpweya wonse, iwo n'kukoka mbali ziwiri ngati akumanga thumba la chimanga. Batani likalowa ankapuma kaye. Titamaliza, pakati pa mabataniwo panatsala timipata toyasamula ngati pakamwa pa milamba, ndipo mikono yanga inakana kutsika bwinobwino, inangolendewera patali ndi nthiti.

"Kabwerekeni ija ya achimwene," anatero. "Bola yaikulu."

Tinasuzumira pawindo. A Dayisoni anali ataivala kale, akuyendayenda pabwalo kulandira alendo, ndipo ena a ku Limbe ankawagwadira powayesa bambo a mkwatibwi. Iwo sankawakonza.

"Ndiye valani ina iliyonse yoyera."

"Mwana ananena zofanana," ndinatero ndi mpweya wochepa umene unatsala.

Ndinavala jekete pamwamba, ngakhale dzuwa la ku Chilwa linali litayamba kale ntchito yake. Jekete inabisa timipata tija, kunja kunkangooneka kolala ndi kachitenje kake. Lusiya atandiona anamwetulira mpaka maso ake ananyowa. Ndinati mumtima, Ambuye, ndigwirireni msokowu mpaka madzulo, zina ndidzapempha chaka chamawa.

Kumuperekeza m'tchalitchi kunayenda bwino, poti mkwatibwi amayenda pang'onopang'ono ndipo ine sindikanatha kuyenda mwanjira ina. Vuto linabwera pa kuwerenga Mawu. Mpingo wathu ukakhala ndi mwambo waukulu amawerengetsa ine, ndipo ndimanyadira kuti ndimatha kumaliza vesi lalitali osapumira. Tsiku limenelo chifuwa chinalibe malo osungira mpweya. Ndinkatchula mawu atatu, n'kuima, n'kukoka kampweya ngati nkhuku yomwa madzi, n'kupitiriza. Thukuta lili chuchuchu. Nditakweza maso ndinaona amayi a chigwirizano akupukuta misozi.

"Mtima wa bambo," ananong'ona wina pa benchi la kutsogolo. "Mwana wamkazi amawawa."

Abusa pa ulaliki anandipereka ngati chitsanzo cha chikondi cha kholo. Amake Lusiya anaweramitsa mutu, mapewa akugwedezeka, ndipo anthu anati nawonso agwidwa ndi chisoni.

Madyerero anachitikira pa bwalo la sukulu, pansi pa tenti. Anandikhazika pafupi ndi asewere anga, bambo a mkamwini. Ndi munthu wofatsa, anapuma ntchito ya mu ofesi, amalankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Anandifunsa za mpunga, ndinawayankha mwachidule. Anandipatsa mbale ya nyama, ndinati ndakhuta ndi chimwemwe. (Nyama ya mbuzi yanga yomwe, imene ndinaiweta ndekha. Ndinangoinunkhiza.) Ndinayamba kukhulupirira kuti ndipulumuka.

Kenako wotsogolera mwambo, mnyamata wa pakamwa pothwa amene anabwera naye a ku Limbe, anagwira maikolofoni.

"Tsopano tione azibambo awiri a ukwati uno! Bwerani pakati, mabwana. Majekete vulani, tione ntchito ya telala!"

Asewere anaimirira, anavula jekete, shati yawo ili mya, ikuwagona pathupi ngati madzi. Ine ndinayang'ana Lusiya. Anandikodola ndi mutu, nkhope ili ngwee. Ndinavula. Kuti ndibise timipata tija ndinagwira manja pamimba ngati munthu wolemekeza kwambiri, ndipo ndinakonza zongosuntha mapazi pang'onopang'ono mpaka nyimbo ithe.

Ndikanatha, pakanapanda a Dayisoni. Anapita kwa woika nyimbo n'kumuuza kuti bambo a mkwatibwi ndi Mlomwe weniweni, asawavinitse za m'tauni, awaikire tchopa. Agogo anga anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo ng'oma ya tchopa ikalira miyendo yanga sindifunsa maganizo. Phazi linayamba lokha. Chiuno chinatsatira. Abale anga anaimirira, nthungululu zinalira, wina anakuwa, "Aonetseni, akulu, aonetseni a m'tauniwa!" Ndinaiwala telala, ndinaiwala zala ziwiri. Ndinawerama, ndinatambasula mikono yonse, ndinakoka mpweya wodzaza chifuwa koyamba tsiku limenelo.

Kwaaa!

Msoko wa kumsana unatseguka kuchokera pa kolala mpaka pansi. Kutsogolo mabatani anathawa motsatana, lina linagwera m'lichero la perekani-perekani, ndipo mayi wogwira licherolo anapinda bondo kuthokoza asanaone kuti n'chiyani. Shati inasanduka mapiko awiri olendewera m'mapewa. Mkati munali vesiti yanga yakale, ya mabowo oti themba lingadutse osakhudza m'mbali. Chule uja wa kakowa anatulukira poyera kudzapereka moni kwa alendo.

Woika nyimbo anatsitsa mawu. Anthu sanadziwe ngati aseke. Ine sindinaone wina aliyense koma Lusiya. Anali ataika mutu pa tebulo, velo ikunjenjemera, mwamuna wake atamugwira phewa. Chinthu chimodzi chokha chimene mwana ameneyu anandipempha! Kutentha konse kunandithera, ndinamva kuzizira m'mafupa.

Amake Lusiya ndi amene anabwera. Sanathamange, anabwera akuvina, osaphonya sitepe, akumasula chitenje chawo chapamwamba. Anandikulunga nacho modutsa pansi pa khwapa n'kumanga mfundo pa phewa.

"Vinani," anandinong'oneza mano ali panja ngati akumwetulira. "Mukaima ndiye kuti mwavula. Za shati tikambirana kunyumba."

Ndinayambanso kusuntha mapazi, koma mtima munalibe. Asewere anali chiimire, akundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinati basi, akuwerenga mtundu wa banja limene mwana wawo walowamo. Kenako anatembenukira kwa akazi awo.

"Mayi, chitenje."

"Inu shati yanu ilibe vuto."

"Mwana anati tifanane. Patseni chitenje."

Anachimanga okha, mfundo yake yokhota, pamwamba pa shati yabwinobwino ija, n'kulowa m'bwalo. Tchopa sadziwa, ndinene zoona, ankavina ngati munthu amene waponda linthumbu. Koma nthungululu zimene zinalira apo zinamveka mpaka kudoko. Woika nyimbo anakweza mawu, a ku Limbe ndi a ku nyanja anakhamukira pakati, fumbi linakwera. Tikudutsana, asewere anandiyandikira.

"Yanganso ikundithina m'khwapa, asewere," anatero.

(Linali bodza, koma bodza la munthu woleredwa bwino.)

Lusiya sanandilankhule madzulo amenewo, ndipo ine sindinamufunefune. Mawa lake asananyamuke anandipeza nditakhala pakhonde, anakhala pansi chapatali pang'ono monga ankachitira ali mwana akafuna kunena zovuta.

"Ababa."

"Mayi."

"Ndinakuuzani kuti mubwere ku Limbe."

"Unandiuza."

"Kawiri."

"Kawiri, mwanawe."

Kenako ndinalimba mtima. "Paja unaika mutu pa tebulo. Unkalira, kapena unkaseka?"

"Ndinayamba ndi kulira," anatero, akuyang'ana kumbali kuti ndisaone pakamwa pake. "Apongozi anga akuti sanasangalalepo chonchi pa ukwati uliwonse, akufuna adzabwerenso muwaphunzitse tchopa. Koma ine ndikadali wokwiya, ababa. Ndikasiya ndikuuzani."

Mpaka lero sanandiuze kuti wasiya, ngakhale foni amaimba sabata iliyonse ndipo amayamba ndi kufunsa ngati ndadya.

Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu ukamadziyeza wekha suyeza amene waimayo, umayeza amene umamukumbukira, ndipo mnyamata ameneyo anapita kalekale osatsanzika. Izi ndazivomera pamaso pa amake Lusiya, amene amandikumbutsa ngakhale ndisanaiwale. Komabe, tikakhala patokha ine ndi inu owerenga, ndinenepo chimodzi: ulusi umene anasokera telala ujanso unali wofooka.